Kuyala foam pansi pa screed kuti mapazi a m'mwamba asamveke pansi

Aliyense amene anagonapo m'chipinda chapansi cha nyumba yosanja amalidziwa phokoso limeneli. Cha m'ma 5 koloko m'mawa wina kumwambako wavala gogoda, ndiye go! go! go! kuchoka kuchipinda kupita kubafa. Mwana wagwetsa supuni. Wina wakoka mpando, kwee. Mawu awo simukuwamva, wailesi yawo simukuimva, koma phazi lililonse likugwera pamutu panu. Eni nyumba amadabwa, poti slabu anathira yochindikala, simenti sanaumire, zitsulo zinalowa zokwanira.

Vuto si kuchepa kwa konkire. Phokoso lili pawiri. Lina limayenda mumpweya, monga kulankhula, nyimbo kapena kulira kwa mwana, ndipo limeneli slabu yolemera imalitchinga bwino. Lina limabadwira m'slabu momwemo chinthu chikaigunda. M'konkire phokoso limathamanga pafupifupi kakhumi kuposa mumpweya, choncho likangolowa limafalikira slabu yonse, n'kutsikira m'makoma, kenako denga ndi makoma a chipinda chapansi zimalira ngati ng'oma. Mukamata matailosi pa slabupo ndiye mwanyanyitsa, chifukwa pakati pa chidendene ndi konkire sipakhalanso chofewa chilichonse. Walira mvula walira matope. Matailosi tonse timawafuna poti savuta kukolopa.

Mankhwala ake ndi kulekanitsa pamene phazi likuponda ndi slabu imene yanyamula nyumba. Pa slabu mumayala foam, choyala chofewa chonga siponji, ndipo pamwamba pa foam mumathira screed, matope aja a simenti ndi mchenga osalazira pansi. Screed imakhala ngati bwato pamadzi. Phazi likagunda, foam imameza kugundako monga masipuling'i a galimoto amamezera mabampu. N'chifukwa chake imatchedwa screed yoyandama, ndipo ntchito yonseyi yagona pa lamulo limodzi: screed isakhudze slabu, isakhudze khoma, isakhudze paipi, isakhudze felemu ya chitseko. Ikakhudza pamodzi pokha, phokoso lapeza mlatho.

Musanagule kanthu, onanani ndi injiniya

Screed yoyandama siingakhale yopyapyala ngati ija timapaka pa slabu mwachindunji, chifukwa pansi pake ndi pofewa. Malamulo a zomangamanga a ku Britain amati m'nyumba yokhalamo anthu isachepere mamilimita 65, ndipo m'maofesi ndi m'masitolo isachepere 75. Screed ya mamilimita 65 imalemera makilogalamu pakati pa 130 ndi 140 pa sikweya mita iliyonse. Chipinda cha mamita 4 m'litali ndi 4 m'lifupi chimasenzetsa slabu matani awiri ndi kanthu, matailosi ndi katundu tisanawerengere. Amene anajambula zitsulo za slabuyo ayenera kudziwa zimenezi, makamaka ngati nyumba ikadali papepala. Kuno kwathu nthaka imagwedezekanso. A ku Salima akukumbukira 1989, a ku Karonga 2009. Kulemera kwa m'mwamba si nkhani yoti mmisiri angoyerekeza ndi maso.

Chachiwiri ndi kutalika. Foam, screed, guluu ndi tailosi zikaphatikizana, pansi pamakwera ndi masentimita 8 kapena 9. Mafelemu a zitseko aikidwe poganizira zimenezi, apo ayi mudzadula zitseko zonse. Sitepe yomaliza ya masitepe nayo idzatalika kuposa zinzake ngati simunaiwerengere, ndipo phazi la munthu limazolowera muyeso umodzi: likapeza sitepe yosiyana, usiku magetsi atazima, munthu amapunthwa.

Makoma onse ogawa zipinda amangidwe kaye pa slabu n'kupakidwa pulasitala mpaka pansi. Chipinda chilichonse chikhale ndi screed yakeyake. Khoma la njerwa silimangidwa pa screed yoyandama.

Foam yake iti?

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Siponji ya matiresi ayi: imamwa madzi, ndipo screed ikaikhalira imaphwatalala mpaka kutha mphamvu. Kapepala koyera kofewa kaja kamakutira TV m'katoni, kapena kaja ka mamilimita awiri koyala pansi pa matabwa a laminate, nakonso ayi. Polystyrene yoyera imene ena amati kaylite, ndi mabolodi olimba otchingira kutentha, amagwira ntchito yawo ya kutentha, koma ndi ouma kwambiri moti kugunda kumangodutsa. Ilipo polystyrene ina yofewetsedwa dala ku fakitale chifukwa cha phokoso, imene ku Ulaya amailemba kuti EPS-T. Imeneyo ndi yabwino, koma si imene imabwera m'makatoni a firiji.

Imene mukufuna ndi foam ya polyethylene ya timabowo totsekeka, yopangidwira kuikidwa pansi pa screed. Imabwera yokulungidwa ngati mkeka, yochindikala mamilimita 5 kapena 10. Mphasa za labala wogayidwa ndi mabolodi a mineral wool (ubweya wopangidwa kuchokera ku miyala kapena galasi) opangidwira pansi zimagwiranso ntchito yomweyi, nthawi zina kuposa foam, kungoti zimadula.

Wogulitsa akupatseni pepala la ku fakitale. Pamenepo funani nambala yolembedwa kuti ΔLw, imene imanena madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) amene chinthucho chimachotsa pa phokoso la kugunda. Foam yabwino ya mamilimita 5 imakhala cha m'ma 20. Khutu la munthu limamva ngati phokoso latsika ndi theka pakachoka madesibelo 10, ndiye 20 si masewera. Nambala ina imalembedwa s', ndipo imayeza kuuma kwa foam. Ikakhala yaing'ono ndiye bwino. Ngati wogulitsa alibe pepala, akungoti "ndi yomweyo bwana, anthu akutenga", musiyeni. Dziwaninso kuti nambala ya papepala anaipeza poyesa mosamala m'chipinda choyesera. Pa nyumba yeniyeni imatsikako.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi: akatswiri amayesa ndi makina a tinyundo tisanu, kalikonse kolemera magalamu 500, togwa kuchoka pa masentimita 4, kugunda kakhumi pa sekondi, wina ali pansi ndi choyezera. Slabu yopanda kanthu ya mamilimita 150 imapereka madesibelo pakati pa 75 ndi 80. Ku England, kuyambira 2003, malamulo a Approved Document E salola mafulati atsopano kupitirira 62. Ku Germany muyeso wa DIN 4109 sulola kupitirira 50, ngakhale kawerengedwe kawo kamasiyana pang'ono. Slabu yokha, ngakhale ithiridwe bwino chotani, singafike pamenepo.

Pogula onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi pa kukula kwa zipinda, chifukwa cha zodula ndi zolumikiza. Mugulenso lamba wa foam wa m'mbali mwa khoma, kapena mudule nokha kuchokera ku mpukutu womwewo, tepi yotakata yomata bwino, ndi pepala lakuda la pulasitiki lochindikala lija timayala pansi pa konkire poletsa chinyezi.

Konzani slabu

Sesani mpaka mbee. Kenako gwadani muyendetse dzanja. Matope a pulasitala amene anagwa n'kuumira pansi, kamwala kotuluka, msomali, kawaya komangira zitsulo, zonsezi zigobedwe ndi tchizulo. Foam ndi ya mamilimita asanu okha. Kamwala ka mamilimita asanu ndi limodzi kadzaiboola screed ikaikhalira, ndipo simudzakaonanso. Maenje akulu atsekedwe ndi matope a simenti. M'makona, pamene khoma likumana ndi slabu, mukhale moongoka, mopanda chulu cha pulasitala. Slabu ikhale youma.

Mapaipi a magetsi ndi a madzi oyenda pamwamba pa slabu ndi msampha wina. Amisiri ambiri amafuna kudula foam kuti paipi ipeze njira, kapena kuikweza pamwamba pa paipi ngati bulangete, screed n'kupyapyala pamenepo. Zonse ziwiri n'zolakwika. Thirani kaye kascreed kopepuka kokwirira mapaipiwo kuti pansi pakhale thyathyathya, kaume, kenako foam iyalidwe pamwamba osadukiza. Kumbukirani kuti kameneka nakonso kali ndi kulemera ndi kutalika kwake, ndipo injiniya uja akadziwe. Njira yabwino koposa ndi kukonzeratu kuti mapaipi adutse m'makoma kapena m'slabu momwe.

Musanapitirire, lembani mzere wa levulo kuzungulira makoma onse, mita imodzi kuchokera pamene tailosi idzathere. Kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi kamakwanira. Mzere umenewu ndi umene udzalowe m'malo mwa zikhomo.

Lamba wa m'mbali ayambe

Zungulizani lamba wa foam m'munsi mwa makoma onse, wochindikala mamilimita 5 mpaka 10. Atalike kupitirira pamene tailosi idzathere ndi masentimita awiri kapena atatu. Wa masentimita 12 mpaka 15 amakwana. M'makona mupindeni, musamudule, ndipo alowe bwinobwino osasiya mphako kumbuyo. Mumumate ndi tepi kapena guluu. Ngati mwakakamizika kukhoma misomali, ikhale kumtunda kumene kudzadulidwe, osati m'munsi modzafika screed.

Osaiwala zipilala, mafelemu a zitseko, m'munsi mwa sitepe, ndi paipi iliyonse yotuluka m'slabu, kaya ya kuchimbudzi kaya ya sinki. Iliyonse ivale foam yake ngati sokosi, yomangidwa ndi tepi. Pakhomo lililonse imikani lamba wodutsa m'lifupi mwa khomolo, kuti screed ya chipinda isagwirane ndi ya m'khonde.

Kuyala

Yambirani kukhoma lakutali ndi khomo. Foam ifike mpaka pa lamba ndipo polumikizana pamatidwe tepi, pasaoneke konkire ngakhale pang'ono. Yopyapyala ya mamilimita 5 mutha kuisanjikiza m'mphepete ndi masentimita 10 n'kumata. Yochindikala kapena ya mabolodi igundanitseni mphepete ndi mphepete popanda mpata, chifukwa kusanjikiza kumapanga nthumbira imene imadya screed. Ngati pepala la ku fakitale lanena zina, tsatani zimenezo.

Pamwamba pake yalani pulasitiki yakuda ija, yosanjikizana masentimita 15, yomatidwa tepi, ndipo ikwere m'mbali kuphimba lamba. Opanga ena amati foam ya timabowo totsekeka siifuna pulasitiki. Ine ndimayalabe. Madzi a simenti ndi ochenjera, amapeza kampata kamene diso silinaone, amalowa pansi n'kuuma gwa, ndipo mlatho uja wamangika. Mtengo wa pulasitiki ndi wochepa poyerekeza ndi kugumula. Pa labala ndi mineral wool ndiye palibe kukambirana, pulasitiki iyenera kukhalapo.

Mukamaliza, vulani nsapato muyende chipinda chonse pang'onopang'ono. Pong'ambika paliponse ikani chigamba ndi tepi. Jambulani ndi foni. Ndipo screed ithiridwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, pulambala ndi wamagetsi asanabwere ndi makwerero awo.

Tsiku lothira

Mwini nyumba kapena kapitawo asachoke tsiku limeneli. Madzi akatayika saoleka. Chimene chalakwika pansi pa screed sichikonzeka popanda nyundo.

Muyeso ndi gawo limodzi la simenti pa magawo anayi a mchenga wa kumtsinje, wokhakhala, wosefa, wopanda dothi. Mchenga wosalala wa kudambo usiyireni pulasitala. Thumba la makilogalamu 50 limayendera mawilibala awiri osasefukira, koma poti mawilibala amasiyana, yezani ndi ndowa imodzi: ya simenti imodzi, za mchenga zinayi. Chipinda chija cha mamita 4 ndi 4 chimadya matumba asanu ndi atatu, kapena kuchepera pang'ono.

Madzi akhale ochepa. Tapani matopewo m'dzanja mufinye: aumbike ngati chigumu, asayoyoke, komanso asadonthe madzi. Anyamata osakaniza amakonda kuthira madzi ambiri kuti fosholo ipepuke, koma screed yamadzi imafota pouma, imang'aluka, ndipo m'mphepete imapindikira m'mwamba.

Yalani matabwa poyenda wilibala, ndipo potsitsa matope asagunditse mlomo wa wilibala pa foam. Fosholo isakumbe pansi. Tsono chenjerani ndi chizolowezi ichi: mmisiri akafuna levulo amakhoma kachitsulo kapena msomali m'slabu n'kumangapo chingwe. Pa ntchito ino zimenezo n'zoletsedwa. Levulo itengedwe pa mzere wa pakhoma uja, ndipo aumbe timilu ta matope omwewo pamwamba pa pulasitiki kuti thabwa lowongolera lidzatsetserekepo.

Thirani theka la kuchindikala, tsenderani mwamphamvu, yalani waya wa BRC wopepuka, uja wolukidwa ngati ukonde wolimbitsira konkire, kenako thirani theka linalo nthawi yomweyo loyamba lisanayambe kugwira. Waya akhale pakati pa screed, asagone pa pulasitiki, ndipo nsonga zake zisabaye lamba wa m'mbali. Ena m'malo mwa waya amasakaniza timaulusi ta polypropylene m'matope. Kutsendera n'kofunika kwambiri pano kuposa pa screed wamba, chifukwa foam imabweza dzanja ndipo munthu amaganiza kuti patsenderedwa pomwe m'kati muli mphako. M'makona ndi m'mphepete ndimo mumaphwanyika msanga.

Chipinda chikapitirira masikweya mita 40, kapena mbali imodzi ikapitirira mamita 8, gawani screed ndi mzere wolola kufutukuka. Chipinda chokhota ngati L chigawidwe pokhotapo. Mizere imeneyi idzatsatidwenso pomata matailosi.

Kudikira

Phimbani screed ndi pulasitiki kwa masiku asanu ndi awiri kuti isaume mofulumira, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November. Musaithire madzi ochita kudikha ngati mmene timachitira ndi slabu, chifukwa amatsikira m'mbali n'kukakhala pansi pa foam, kumene alibe potulukira. Pakapita masiku atatu munthu atha kuyendapo mosamala, koma milu ya njerwa ndi makatoni a matailosi zisaunjikidwe malo amodzi.

Mukachotsa pulasitiki, tsegulani mawindo. Amisiri amawerenga kuti screed imauma milimita imodzi patsiku pa mamilimita 40 oyamba, kenako masiku awiri pa milimita iliyonse yotsala. Ya 65 ndiye imafuna pafupifupi miyezi itatu kuti iume mpaka m'kati, ndipo nthawi ya dzinja imachedwerapo. Matabwa oyala pansi ndi vinyl, choyala cha pulasitiki, zimafuna kuuma konseko. Matailosi atha kumatidwa pakapita masabata osachepera atatu ikuuma ndi mphepo, ngakhale ine ndimakonda kudikira mwezi ndi theka ngati mwini nyumba ali ndi mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyesa mwachidule, matani kapulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse madzulo; mukapeza m'mawa kachita thukuta kunsi, screed ikadali ndi madzi.

Pamene ntchito yabwino imafera

Pa nyumba ina imene ndinkayang'anira, zonse zinayenda bwino mpaka apa. Ndinachokapo masiku awiri. Pobwera ndinapeza womata matailosi, bambo wodziwa ntchito yake ndithu, atadula lamba yense ndi mpeni mpaka pa screed, matailosi atagunda khoma, m'mphepete monse atatseka ndi grout, phala lija lotsekera mipata ya matailosi, mooneka bwino kwambiri.

"Madala, lamba uja mwamuchotseranji?"

"Zinyalala zija bwana? Zimandisokoneza chingwe. Taonani mmene mwayeramu."

Munayeradi. Ndinatuma mnyamata kukaima m'chipinda chapansi, ine n'kugogoda tailosi ndi chigwiriro cha nyundo. Anakuwa kuti akumva ngati ndikugogoda pamutu pake. Tinatha masiku awiri tikudula m'mphepete monse ndi grinder, fumbi lili koboo, ndipo matailosi angapo anasweka. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinafotokozera othira screed koma womata matailosi sindinamuuze.

Choncho lamba asadulidwe kufikira matailosi atamatidwa ndiponso grout italowa. Tailosi yomaliza ithere pa lamba, guluu asadutse. Mukatero dulani lamba molingana ndi pamwamba pa tailosi. Skirting, mzere uja wozungulira m'munsi mwa khoma, imatidwe kukhoma kokha, itakwezedwa mamilimita awiri kapena atatu kuchoka pa tailosi. Pomata ikani tizidutswa ta katoni pansi pake, n'kudzatichotsa ikagwira. Mpatawo mutseke ndi silikoni, osati grout kapena simenti. Chimodzimodzi kuzungulira mapaipi, mafelemu ndi pamakomo. Skirting ya simenti ija amaiumba kulumikiza khoma ndi pansi siyenera pano.

Zomangirira pansi nazo zisamalidwe. Sikuluwu yogwira mtondo wa chimbudzi kapena kachitsulo koimitsa chitseko ikhale yaifupi, yothera m'screed, isaboole mpaka m'slabu. Kubafa, mankhwala otchinga madzi apakidwe pamwamba pa screed ndi kukwera kukhoma, ndipo pakona pakhale lamba wofewa wopangidwira zimenezo kuti screed ikhalebe yosagwirana ndi khoma.

Kuyesa, ndi zimene muyembekezere

Makina a tinyundo aja si ofunika kuti mudziwe ngati mwakhoza. Wina aime pansi, wina agogode m'mwamba ndi chigwiriro cha nyundo, kuyambira pakati pa chipinda kupita m'mphepete, kuzungulira makoma, pamakomo ndi pa mapaipi. Kugogoda kuzimveka kogonthera, ngati kochokera kutali, ndiponso kofanana paliponse. Pamene pamveke mokweza ndi mowala, ngo! ngo!, pali mlatho pafupi. Yesani kawiri: screed itangouma, ndiponso matailosi atamatidwa. Mukatero mudzadziwa amene walakwitsa, ndipo kukonza kudzakhala kotchipa.

Foam ya mamilimita 5 imapha phokoso lakuthwa: gogoda, supuni, mpando, ndalama yachitsulo. Kugunda kwakuya kwa mwana wodumpha kuchoka pabedi, kapena munthu wathupi woyenda ndi zidendene, kudzamvekabe pang'ono, di, di. Kumeneko kumafuna choyala chochindikala ndi chofewa kwambiri, screed yolemera, ndi slabu yochindikala. Masitepe a konkire ogwirana ndi khoma la chipinda chogona nawo ali ndi njira yawoyawo yotumizira phokoso, imene foam ya m'zipinda siitseka.

Nanga amene nyumba inatha kale, matailosi anamata, anthu akukhalamo? Ambiri amathamangira kuika siling'i m'chipinda chapansi. Imathandiza pang'ono chabe, poti kugunda kumatsikabe ndi makoma. Ndalama imeneyo ndi bwino igule kapeti yochindikala yokhala ndi choyala chofewa kunsi, iyalidwe m'mwambamo moyenda anthu, ndi timalabala tovala kumiyendo ya mipando ndi matebulo. Ngati m'mwambamo muli alendi, gogoda azivalira pakhomo potuluka.